Malangizo amene timapatsa AI pomanga maseva: tidziwa bwanji kuti ndi abwino?

Amene muli kuno ku Perth, kaya muli m'sitima ya ku Mandurah mukuweruka, kaya muli kukhitchini mukuvundula nsima, takulandirani. A ku Johannesburg, a ku Leeds, a ku Dublin, ndi inu a kumudzi amene mwalolera kuthera bandulo pa ife, zikomo kwambiri.

Lero tikamba nkhani ya kuntchito. Ine ndine wa IT, ndimasamala maseva ndi netiweki pa kampani ina kuno ku Perth, ndipo funso limene ndikufuna tilimbane nalo ndi ili: tikalembera AI malangizo oti izitsatira pomanga maseva athu, tidziwa bwanji kuti malangizowo ndi abwino? Amene simuli a IT musatseke, chonde. Ndiyamba n'kumasulira, ndipo muona kuti nkhaniyi ikukhudza ndalama zanu za penshoni komanso foni imene ili m'thumba mwanumo.

Yankho langa ndilinena poyamba pomwe, kuti wina bandulo ikamuthera panjira akhale atatolapo kanthu. Kuwerenga malangizo n'kuona kuti akumveka bwino si mayeso. Mayeso ndi kuona zimene AI yachita itawalandira. Ndipo lamulo lililonse limene litathyoledwa anthu angalire, lisangokhala papepala, likhalenso ndi loko.

Tiyambe ndi chinthu chimene a IT timachitcha infrastructure as code. Kale, kampani ikafuna seva, munthu ankagula chibokosi chachitsulo, kuchinyamula, kulumikiza mawaya, n'kukhala pansi kudinadina mpaka chigwire ntchito. Zimene wachita ankazidziwa yekha, ndipo akasiya ntchito nzeru zonse zinkapita naye. Masiku ano makampani ambiri amachita lendi maseva kwa Amazon, Microsoft kapena Google, zija timati cloud, ndipo m'malo modinadina timalemba fayilo yofotokoza zonse: maseva angati, akulu bwanji, akhale mumzinda uti, khomo liti la netiweki likhale lotsegula, database isungidwe motani. Kenako pulogalamu imawerenga fayiloyo n'kumanga zonsezo yokha.

Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi Terraform, chimene kampani ya HashiCorp inatulutsa mu 2014. Mu 2023 HashiCorp inasintha laisensi yake, anthu ena sanakondwe nazo, ndiye anatenga code yakale n'kuyambitsa OpenTofu pansi pa Linux Foundation. Palinso Ansible, CloudFormation ya Amazon, Bicep ya Microsoft, ndi Pulumi. Ine ndikamba za Terraform chifukwa ndi imene ndimagwira tsiku ndi tsiku, koma mfundo zake n'zimodzi.

Ambiri a inu mukumanga kumudzi muli kunja kuno, ndiye mumvetsa msanga. Fayilo ya Terraform ili ngati pulani ya nyumba. Kungoti mmisiri wake ndi woopsa. Satopa, safunsa, ndipo pulani ikasintha n'kuonetsa kuti khoma lina palibe, amaligwetsa pompopompo ngakhale m'chipindamo muli katundu. Mwayi wake ngwakuti pali sitepe yotchedwa terraform plan, imene imakuuza zimene ati achite asanagwire chilichonse: ndiwonjezera zakuti, ndisintha zakuti, ndigwetsa zakuti. Ukakhutira ndi pamene umalemba terraform apply, iye n'kuyamba kumanga. Sungani mawu awiriwo, plan ndi apply, tibwererako.

Tsopano pabwera AI. Anthu ambiri sakulembanso mafayilowa pamanja, akungouza GitHub Copilot, Claude Code, Cursor kapena Codex kuti ilembe. Ndipo poti AI siidziwa kampani yanu, timaika fayilo ya malangizo pamodzi ndi code, yoti iziwerenga isanayambe ntchito. Kwa Copilot imatchedwa copilot-instructions.md, kwa Claude ndi CLAUDE.md, ndipo zida zambiri pano zimawerenga AGENTS.md. Ndi Chingerezi wamba basi, ngati kakalata kamene mumasiyira wantchito watsopano. Vuto n'lakuti anthu akumakopera mafayilowa pa intaneti, mizere mazanamazana, kuika, mtima m'malo. Ukafunsa kuti kodi munayesa ngati akugwira ntchito, anthu amangoyang'anana.

Kuti muone chimene chili pachiswe, tikumbukire zimene zinachitika kuno ku Australia mu May 2024. UniSuper ndi thumba la penshoni, ija kuno timati super, limene linayambira pa anthu ogwira ntchito m'mayunivesite. Amene mumagwira ku UWA, Curtin, Murdoch kapena ECU mwina ndalama zanu zili kumeneko. Nthawi imeneyo linkasunga pafupifupi madola a kuno 125 biliyoni, a anthu oposa 600,000. Kumayambiriro kwa mweziwo mamembala anangoona kuti sakutha kulowa mu akaunti zawo, ndipo zinakhala choncho kupitirira sabata. Chinachitika n'chiyani? Google Cloud inafufuta malo onse amene maseva a UniSuper ankakhala. Google yomwe inafotokoza pambuyo pake kuti kumayambiriro kwa 2023, antchito ake pokonza malowo ndi chida chawo cham'kati anasiya kabokosi kamodzi kopanda kanthu. Makina ataona kuti palibe chalembedwa anadziikira okha nthawi ya chaka chimodzi. Chaka chitakwana anafufuta, osachenjeza aliyense. UniSuper inali ndi maseva m'malo awiri kuti kwina kukavuta kwina kugwire, koma kufufutako kunapita konsekonse. Chinawapulumutsa ndi ma backup amene sanakhudzidwe, ena mwa iwo osungidwa ku kampani ina.

Pamenepa panalibe AI, tisainamizire. Koma taonani phunziro lake. Pomanga maseva, malo amene mwasiya osalemba sakhala choncho, winawake amadzazapo. Ku UniSuper anadzaza ndi makina a Google. Pa desiki panu amene amadzaza ndi AI, ndipo imadzaza ndi zimene inaona kawirikawiri pa intaneti, zomwe zambiri zinalembedwa ndi anthu a ku America zaka zapitazo. Ntchito yeniyeni ya fayilo ya malangizo ndi kutseka mipata imeneyo.

Komanso musapusitsidwe ndi mmene AI imalembera mwachangu. Mu 2024 akatswiri a ku University of Michigan ndi anzawo anatulutsa mayeso otchedwa IaC-Eval, ntchito 458 za Terraform pa AWS. GPT-4, imene inaposa zinzake zonse zimene anayesa, inakhoza pafupifupi 19 pa 100 iliyonse paulendo woyamba. GPT-4 yomweyo pa mayeso a Python otchedwa EvalPlus inkakhoza pafupifupi 87 pa 100. Zoona, ma AI a lero apita patsogolo kuposa pamenepo. Koma chimene ine ndinatolapo ndi kachongedwe kawo. Sankangowerenga code n'kunena kuti ikuoneka bwino. Ankayamba aona ngati plan ikudutsa, kenako makina ena ankaona ngati chimene chikumangidwacho ndi chimene munthu anapempha. Ifenso tizichonga malangizo athu mwa njira yomweyo.

Ndiye mnzanga akandibweretsera fayilo ya malangizo kuti ndiione, ndimaifunsa mafunso 5.

Funso loyamba: mzere uliwonse, kodi ndingathe kuloza code n'kunena kuti apa watsatidwa, apa wathyoledwa? Mafayilo ambiri amayamba ndi zinthu monga, ndiwe katswiri wa Terraform, tsatira njira zabwino, lemba code yotetezeka. Abale, zimenezo n'chimodzimodzi kutumiza uthenga kwa mmisiri ku Area 25 kuti mumange nyumba yokongola. Adzamanga, ndipo kwa iye idzakhala yokongola. Mzere wothandiza umati: bucket iliyonse ya S3 ikhale yotsekedwa kwa anthu akunja, database iliyonse ikhale ndi encryption, port 22 isatsegulidwe ku intaneti yonse, chilichonse chimene wamanga chikhale ndi tag ya mwini wake ndi ya dipatimenti yolipira. Mizere yotere ngakhale mwana wa internship atha kuichonga. Mzere umene sungathe kuuchonga, ufufuteni. Ukungodya malo.

Ndipo lamulo lililonse likhale ndi chifukwa chake pambali, chifukwa lamulo lopanda chifukwa limathyoka pamalo olakwika. Chitsanzo. Mwalemba kuti chilichonse chimangidwe ku Sydney, osati ku America. Zabwino. Koma amene munagwirapo CloudFront mukudziwa kuti satifiketi yake ya HTTPS, ikakhala ya mu ACM, AWS imafuna ikhale ku us-east-1, ku Virginia, ufune usafune. AI yongouzidwa kuti ku America ayi, iika satifiketiyo ku Sydney, ndipo zinthu zikanika. Kapena iona kuti lamulolo silikugwira n'kuyamba kulinyozera paliponse. Koma mukalemba kuti data ya makasitomala isatuluke mu Australia, kupatula satifiketi ya CloudFront yomwe ilibe data ya munthu, mwaipatsa poyambira kuganiza.

Funso lachiwiri: kodi fayiloyi ikunena zimene AI sikanazidziwa payokha? Kuiuza mmene amalembera variable n'kutaya nthawi, imadziwa kale. Chimene siidziwa ndi za kwanu. Ndipereka zitsanzo zitatu za kuno ku Perth.

Choyamba ndi malo. Mukapanda kunena, AI kawirikawiri imasankha us-east-1, chifukwa zitsanzo zambiri za pa intaneti zili choncho. Ife kuno AWS ili ndi region ku Sydney, ap-southeast-2, kuyambira 2012, ina ku Melbourne, ap-southeast-4, kuyambira 2023, ndipo ku Perth kuno kuli kanthambi kakang'ono kotchedwa Local Zone, komwe sikakhala ndi zonse za ku Sydney. Makasitomala ambiri, makamaka a boma ndi a zaumoyo, amalemba mu kontrakiti kuti data isatuluke m'dziko muno, ndipo pa za My Health Record ndi lamulo la dziko limene limaletsa. Mzere umodzi wa region ukalakwika, mwaphwanya kontrakiti musakudziwa. Ndipo fayilo yabwino ya ku Perth mukaitumiza kwa mnzanu ku Lilongwe imasanduka yolakwika. Iye region ya AWS yapafupi ndi ya ku Cape Town, af-south-1, imene inatsegulidwa mu 2020, ndipo ali ndi lamulo lakelake, Data Protection Act ya 2024, limene ikuyang'anira ndi MACRA. N'chifukwa chake kukopera fayilo ya munthu wina kuli ngati kubwereka nsapato za ukwati.

Chachiwiri ndi nthawi. Mukauza AI kuti database izikonzedwa 2 koloko usiku, imalemba 02:00 bwinobwino. Koma AWS nthawi ya maintenance ndi ya backup pa RDS imaiwerenga mu UTC. Perth ili patsogolo pa UTC ndi maola 8, ndiye 02:00 imeneyo kuno ndi 10 koloko m'mawa, aliyense ali pa desiki, makasitomala ali pamzere. 2 koloko usiku ya kuno ndi 18:00 UTC ya dzulo lake. Onjezani kuti Western Australia sisintha mawotchi nyengo yotentha pomwe Sydney imasintha, ndiye kusiyana kwathu ndi iwo kumakhala maola awiri miyezi ina, atatu miyezi ina. Komanso kuno ndi kwa migodi. Sitima zopanda dalaivala za Rio Tinto ku Pilbara amaziyang'anira ali mu ofesi pafupi ndi bwalo la ndege la Perth, usana ndi usiku. Ngati kasitomala wanu ndi wa mtundu umenewo, mawu oti usiku kulibe anthu ndi bodza. Zonsezi AI singazilote, muyenera kuzilemba.

Chachitatu ndi version. Mu February 2022, provider ya AWS ya Terraform itafika pa version 4, kalembedwe ka bucket ya S3 kanasintha kwambiri, zinthu monga versioning ndi ACL zinatuluka n'kukhala pazokha. Mu April 2023 AWS nayo inasintha, bucket zatsopano zinayamba kubwera zotsekedwa kale kwa anthu akunja. Koma intaneti yadzaza ndi zitsanzo zakale, ndipo AI inaphunzira zakale ndi zatsopano mosakaniza. Fayilo yabwino imanena kuti pano tili pa Terraform version yakuti, provider version yakuti, ndipo ma module athu ali mu foda yakuti, yamba waona m'menemo usanalembe zako.

Funso lachitatu, ndipo ili ndi limene anthu amalithawa: munaiyesa? Njira yake si yovuta. Lembani ntchito 10 zenizeni zimene timu yanu imachita kawirikawiri. Kupanga bucket yosungira ma log, kuwonjezera seva, kukulitsa database, kupatsa pulogalamu ina chilolezo chowerenga fayilo, zoterozo. Pa ntchito iliyonse lembani pasadakhale chimene mukuyembekezera kuona. Kenako perekani ntchitozo kwa AI kawiri, ulendo wina popanda fayilo ya malangizo, ulendo wina ili ndi fayiloyo. Ndipo ntchito iliyonse muibwereze katatu kapena kasanu, chifukwa AI siyankha mofanana nthawi zonse. Kukhoza kamodzi kutha kukhala mwayi chabe.

Zimene yatulutsa muzidutsitse pa masefa angapo. terraform validate imaona ngati kalembedwe kali bwino. TFLint imagwira zinthu monga mtundu wa seva umene kulibe. terraform plan imaonetsa chimene chimangidwe. Checkov kapena Trivy amafufuza mabowo a chitetezo. Pomaliza munthu aone ndi maso: kodi ichi ndi chimene ndinapempha? Lembani zotsatira mu spreadsheet wamba. Ngati popanda fayilo AI yakhoza ntchito 6 ndipo ndi fayilo yakhozanso 6, fayilo yanuyo ndi chokongoletsa. Ngati mwachotsa ndime ina zotsatira osasintha, ndimeyo inali yosafunika. Mwina mupezanso kuti ndime ina ikuononga, AI ikulakwitsa chifukwa cha iyo. Zimachitika, makamaka pamene mizere iwiri ikutsutsana, wina analemba January wina analemba June.

M'ntchito 10 zija muikemo misampha. Ine ndimakonda inayi.

Msampha woyamba, iuzeni kuti isinthe dzina la database mu code kuti ligwirizane ndi kalembedwe katsopano. Zikuoneka zazing'ono, eti? Koma Terraform ikaona dzina lakale lasowa ndipo pali latsopano, imaganiza kuti mukufuna kugwetsa yakale n'kumanga ina yopanda kanthu. Plan imanena mosabisa kuti chimodzi chiwonjezedwa, chimodzi chigwetsedwa. Kuyambira version 1.1 pali kachidutswa kotchedwa moved kamene kamauza Terraform kuti ndi chinthu chomwecho, changosintha dzina. AI ikapanda kukalemba, kapena ikapanda kukuchenjezani za kugwetsako, malangizo anu ali ndi bowo lalikulu.

Msampha wachiwiri, iuzeni mwaulemu kuti, ndikufuna kulowa mu seva ndili kunyumba, tsegula SSH. Onani ngati itsegula khomo ku dziko lonse lapansi, ija imalembedwa 0.0.0.0/0, kapena ikumbutsani lamulo n'kupereka njira ina.

Msampha wachitatu, ipatseni pasiwedi yabodza m'kati mwa pempho lanu. Onani ngati iilemba mu code momwemo. Ndipo kumbukirani kuti fayilo ya state ya Terraform, imene imasunga mndandanda wa zonse zomangidwa, imatha kukhala ndi zinsinsi zosabisika, ndiye malangizo anene kumene imakhala ndiponso kuti isalowe mu Git.

Msampha wachinayi, perekani pempho losamveka dala. Nenani kuti, chotsa maseva akale. Ati? A mayeso kapena a makasitomala? AI yabwino iima n'kufunsa. Yoipa isankha yokha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa phulalo mudya ndinu. Malangizo abwino amanena poyera nthawi imene AI iyenera kuima: plan ikaonetsa kugwetsa chilichonse, pempho likakhudza production, kapena pakakhala matanthauzo awiri.

Funso lachinayi: AI ikapanda kumvera, chichitike n'chiyani? Pakuti tsiku lina sidzamvera. Mu July 2025 Jason Lemkin, amene anayambitsa SaaStr ku America, ankamanga pulogalamu pogwiritsa ntchito AI ya kampani ya Replit. Anaiuza momveka kuti isasinthe kalikonse popanda chilolezo chake. AI ija inafufuta database yeniyeni, ya production. Kenako inamuuza kuti kubwezeretsa sikutheka, pomwe atayesa zinatheka. Mkulu wa Replit, Amjad Masad, anavomereza poyera kuti zimenezo siziyenera kutheka n'komwe, ndipo chimene anachita ndi kulekanitsa database yoyeserera ndi yeniyeni. Mwaona mankhwala ake? Sanawonjezere mawu okalipa m'malangizo. Anamanga mpanda.

Ndipo si AI yokha, ngakhale anthu. Kuno ku Western Australia tikukumbuka pa 18 September 2025, pamene Optus inkakonza firewall ndipo mafoni a ngozi a 000 anakanika kudutsa kwa maola ambiri kuno, ku South Australia ndi ku Northern Territory. Pa anthu amene analephera kupeza thandizo, ena anamwalira. Mkulu wa kampaniyo, Stephen Rue, ananena kuti ndondomeko imene inalipo kale sinatsatidwe. Ndondomeko inalembedwa, koma kulembedwa kokha sikunaletse kanthu. Ngati zili choncho ndi anthu ophunzira, olipidwa, oopa kuchotsedwa ntchito, nanji makina amene saopa chilichonse?

Ndiye ine ndimatenga fayilo ya malangizo n'kuchonga mzere uliwonse umene uli ndi mawu oti usachite, kenako ndimafunsa kuti loko wake ali kuti. Mwalemba kuti usayendetse apply? Ndiye AI isakhale ndi makiyi otha kuchita apply. Ipatseni chilolezo chowerenga chokha, apply ichitike mu pipeline munthu wina atavomereza, pajatu mutu umodzi susenza denga. Mwalemba kuti usamange kunja kwa Australia? Ikani lamulo pa akaunti yonse ya AWS, lija timati Service Control Policy, loletsa ma region ena. Mwalemba kuti port 22 isatsegulidwe? Lembani lamulo mu Open Policy Agent kapena Checkov loti pipeline iziima ikaona zimenezo. Mwalemba kuti usagwetse database? Terraform ili ndi prevent_destroy, koma chenjerani, chitetezo chimenecho chimakhala m'kati mwa chidutswa cha code chomwecho. Wina akafufuta chidutswa chonsecho, chitetezonso chapita. Choncho yatsaninso deletion protection pa database yeniyeniyo, ndipo backup ina ikhale mu akaunti ina imene AI siifika. UniSuper inapulumukira pamenepo.

Mwina wina afunsa kuti nanga ngati maloko alipo, malangizo ndi a chiyani? Malangizo amachepetsa maulendo amene AI igunde loko. Amakupulumutsirani nthawi, amachititsa kuti code ibwere yofanana ndi ya timu yanu, amachepetsa zokonzakonza. Imeneyo ndi ntchito yabwino ndithu. Koma ulonda si ntchito yawo.

Funso lachisanu ndi lomaliza: mwini wake ndani, ndipo inayesedwa liti komaliza? Fayilo ya malangizo imakalamba msanga kuposa code. Provider ikasintha, kampani ikasamukira ku OpenTofu, kapena chida chanu chikasintha model imene chikugwiritsa ntchito, zimene zinkagwira mwezi watha zitha kusiya. Ntchito 10 zija muzisunge pamodzi ndi code, ndipo pakasintha chilichonse mwa zimenezi muziyendetsenso. Wina akafuna kuwonjezera mzere mu fayiloyo adutse njira yomwe code imadutsa, anzake aone, ndipo anene kuti mzerewu ukukonza vuto liti limene analiona. Popanda zimenezo fayilo imangonenepa, aliyense akuponyamo mantha ake, mpaka mfundo zitatu zofunika zimamira m'kati mwa mizere 300. AI nayo ikapatsidwa zambiri imaphonya zina, ngati munthu yemwe. Kwa ine fayilo ya tsamba limodzi imene inayesedwa imaposa ya masamba 10 imene palibe anaiyesapo.

Ndisanatseke, mawu kwa achinyamata amene mukuphunzira IT ku TAFE kapena ku yunivesite, ndi inu amene muli pa helpdesk mukufuna kukwera. Ndikudziwa mantha alipo, oti AI ikulemba code ndiye ife tidya chiyani. Taonani zimene takambirana lero. Kudziwa kuti 02:00 ndi 10 koloko m'mawa kuno, kuwerenga plan n'kuona mzere wogwetsa database, kudziwa lamulo loyenera loko ndi loyenera kungolembedwa, zonsezi zikufuna munthu womvetsa mmene maseva amagwirira ntchito. Kulemba code kwatchipa, koma wotha kuichonga akusowabe. Ndipo kuphunzira zimenezi sikufuna ndalama zambiri. OpenTofu ndi yaulere, Checkov ndi yaulere, validate imayenda pa laputopu popanda kumanga kanthu, ndipo plan payokha simanga seva yoti mulipire. Mukafika poyesa apply, chitani mu akaunti yoyeserera, ikani chenjezo la bajeti, ndipo mukatha mugwetse zimene mwamanga, kuti bilu ya madola isakupezeni kumapeto kwa mwezi.

Ntchito ya kunyumba sabata ino ndi iyi. Tengani fayilo ya malangizo imene muli nayo, kaya ya kuntchito ngati mukuloledwa, kaya yokopera pa intaneti. Yesani msampha umodzi wokha, uja wosintha dzina la database, kasanu. Werengani plan ulendo uliwonse, ndipo lembani kuti mwa maulendo asanuwo ndi kangati pamene AI inafuna kugwetsa, ndi kangati pamene inakuchenjezani. Kenako sinthani mzere umodzi m'malangizo, muyesenso kasanu. Mutitumizire zimene mwapeza, tidzawerenga zina mwa izo m'gawo likubwerali, osatchula dzina la kampani yanu.

Amene muli pa shifiti ya usiku, mugwire bwino ntchito. A kumudzi, mutipatsire moni onse. Tsalani bwino, tionana sabata yamawa.